Mai Stephanie Shirley ndi Mwana Wosalankhula

Nkhani ya lero ndi ya mai wina amene cisoni ca m'nyumba mwace cinasanduka thandizo la ana ambiri.

Stephanie Shirley anabadwira ku Dortmund, m'dziko la Germany, m'caka ca 1933. Popeza atate wace anali Myuda, anamtumiza ku England m'caka ca 1939, ali ndi zaka 5, kuthawa nkhanza za Hitler; ndipo analeredwa ndi anthu a mtundu wina. M'caka ca 1962 anayamba kampani yokonza mapulogalamu a kompyuta ndi mapaundi 6 okha, nalemba nchito akazi olera ana pakhomo. Pakuona kuti amalonda sanali kuyankha makalata a mkazi, anayamba kusaina dzina lacimuna lakuti Steve.

Mwana wace mmodzi yekhayo, Giles, anabadwa m'caka ca 1963. Akali wamng'ono analeka kulankhula, ndipo madokotala anapeza kuti ali ndi autism. Ndiko kunena kuti ubongo umakula mwa njira yace ina, kotero kuti mwana amavutika kumvana ndi anzace. Si ufiti, si temberero, ndiponso si kulakwa kwa amace. Giles atakhala zaka zambiri m'cipatala, amace anamkonzera nyumba yace, ndipo apa ndi pamene panayambira bungwe la Kingwood, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1994. Giles anamwalira m'caka ca 1998; koma caka cotsatira maiyo anatsegula sukulu ya Prior's Court ku Berkshire, yophunzitsa ana otere. Pofika imfa yace m'caka ca 2025, anali atapereka mapaundi oposa 60 miliyoni, ambiri a iwo pa nchito imeneyi.

Tsono inu a m'masukulu a ku Chongwe, kumbukirani mwana uja amene amakhala payekha, wosayang'ana munthu kumaso, wotseka makutu belu likalira. Kawirikawiri amachedwa wamwano, nalandira cikoti. Cuma ca Mai Shirley mulibe, koma mukhoza kumpatsa malo ace osasintha, kumuuza mau ocepa ndi omveka, kumsonyeza zithunzi, ndi kumcenjeza pasadakhale zinthu zikati zisinthe. Cezani ndi makolo ace, muwalimbikitse kupita naye kucipatala, asambise m'nyumba. Mai uja anapulumuka cifukwa alendo anamlandira ali mwana. Pajatu akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.