Bwalo Lakale la Rickwood Limene Anthu Anakana Kulitaya

M'nkhani yathu ya lero tipita kutali, ku mzinda wa Birmingham m'chigawo cha Alabama ku Amereka, kumene kuli bwalo la masewero lotchedwa Rickwood Field.

Pabwaloli amasewerapo baseball, masewero amene anthu asanu ndi anayi mbali iliyonse amapikisana pomenya kampira kolimba ndi chibonga. Analitsegula m'chaka cha 1910, ndipo mwini wake anali Rick Woodward, mkulu wa kampani yosungunula chitsulo. Linamangidwira timu ya Birmingham Barons ya mu ligi yaing'ono, kumene anyamata amaphunzirirako asanakwere ku ligi yaikulu.

Masiku amenewo kunali tsankho loopsa. Anthu akuda sankaloledwa kusewera pamodzi ndi azungu, kotero anali ndi timu yawoyawo, Birmingham Black Barons, imene inkalowa m'bwalomo azungu aja akapita kukasewera kwina. Ngakhale oonerera ankakhala mosiyana, akuda kwaokha, azungu kwaokha. M'timu ya akudayo ndi mmene munatulukira katswiri Willie Mays, amene anasewerapo mu 1948 ali ndi zaka 17.

Masewero a 1987 atatha, a Barons anasamukira ku bwalo latsopano, ndipo Rickwood linayamba kuonongeka. Koma paja akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mu 1992 anthu a mumzindawo anakhazikitsa bungwe la Friends of Rickwood, nayamba kusonkha ndalama ndi kukonza denga ndi mipando. Timu yaikulu itachoka, ana a sukulu za sekondale ndi ophunzira a Miles College ndiwo anasunga bwalolo ndi moyo posewerapo. Opanga mafilimu nawonso anafika kudzajambulapo, monga filimu ya 42 ya mu 2013.

Pa 20 June 2024, matimu awiri a ligi yaikulu, San Francisco Giants ndi St. Louis Cardinals, anakumana pa Rickwood polemekeza osewera akuda aja. Willie Mays anali atamwalira masiku awiri okha m'mbuyomo, ali ndi zaka 93, ndipo khamu la akuda ndi azungu linamulira litakhala pamodzi.

Tsono omvera, bwalo silifa chifukwa timu yachoka. Limafa eni mudzi akaleka kupondapo. Kodi la kwanuko udzu wafika pati? Tsalani bwino.