Chisanu cha Kwathu Chisasanduke Chithunzi

(Mawu amene mmodzi wa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)



Mwandipatsa mphindi khumi, ndipo ndiyesetsa kuti ndisapyole. Nkhani yanga ndi ya chisanu.

Ife amene tinaphunzira pasukulu pano m'zaka za m'ma 1970 sitifunika kuuzidwa za miyezi ya Juni ndi Julaye. Mphepo inkatsika kuchokera ku Nyika, kumene phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600, n'kudzatipeza m'hositelo kudzera m'mawindo osweka. Aliyense anali ndi bulangete limodzi basi. Tinkagona awiriawiri pabedi limodzi kuti mabulangete akhale awiri. Belu likalira m'mamawa, madzi a pampopi ankabaya ngati singano, choncho ambirife tinkangosamba kumaso ndi kumapazi, kusamba kuja tinkakutcha pasipoti. Khungu linkatuwa kuti mbuu, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Phala la mgaiwa tinkalithamangira osati chifukwa chokoma ayi, koma kuti kapu itenthetse zala, tithe kugwira cholembera.

Kumudzi kunali bwinoko. Makolo athu a ku Bolero ndi ku Hewe ankasankha fodya m'zigafa, a ku mapiri a Phoka ankathyola khofi muli nkhungu, koma madzulo onse ankaotha moto ndi kuotcha mbatata. Ife kuno moto unali wa kukhitchini wokha, ndipo mapulifekiti ankatipirikitsako.

Ndiulule, abale anga, kuti zonsezi ndinali nditaiwala. Ndakhala ku Blantyre zaka zambiri, m'nyumba ya mawindo athunthu. Chimene chinandikumbutsa ndi ichi.

Julaye wapitayu kunagwa chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mdzukulu wanga wamkazi, yemwe amakonda kujambula, anandikakamiza kuti tipite ku Mandala House. Iyi ndi nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndipo m'zipinda zake zapansi muli La Caverna, malo oonetserako ndi kugulitsirako zojambula za akatswiri a m'dziko muno. Ndinapita monyinyirika, pongofuna kuthawa mphepo.

M'menemo ndinaima pa chithunzi china cha penti. Anyamata atatu anali atazinga kamoto m'mawa, mmodzi atafunda chiguduli. Mlendo wina amene anaima pambali panga anati n'chokongola, inenso ndinavomereza. Ndinali nditavala juzi, jekete ndi sikafu. Kenaka mdzukulu uja anandifunsa kuti, "Agogo, nanga mwanayu wafundiranji thumba?"

Ndinasowa poyambira. Wojambulayo ntchito yake anaigwira bwino, vuto linali ine. Mnyamata wa chiguduliyo ndinali ine ndemwe zaka makumi asanu zapitazo, koma ndinamuyang'ana ngati duwa la pakhoma. Munthu akafunda, chisanu cha mnzake chimasanduka chithunzi.

Mwezi wotsatira ndinakwera basi kubwera kuno ku Rumphi, ndipo a hedimasitala anandiyendetsa m'mahositelo. Zambiri zasintha, ndipo aphunzitsi akuyesetsa ndi zochepa zimene ali nazo. Koma mawindo ena ndi otseka ndi makatoni, ndipo pa mabedi ena ndinaona chitenje m'malo mwa bulangete. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandiuza kuti kukazizira kwambiri amagona atavala yunifolomu. Kumbukirani kuti mayeso a MSCE amalembedwa m'nyengo yomweyi. Mwana amene wachezera kunjenjemera, kapena wadzuka ndi chifuwa, amalowa m'chipinda cha mayeso atagonja kale. Zaka zinayi za fizi, zimene kholo lake lapeza pogulitsa fodya kapena khofi, zikhoza kuthera pa bulangete limodzi limene palibe.

Ena anena kuti ife tinapirira ndipo tinakhoza. N'zoona. Koma tiwerengenso anzathu aja amene ankapita kwawo kukadwala mu Juni osabwereranso. Iwowo sali nafe m'chipinda muno kuti atiuze ngati chisanu chinawalimbitsa.

Choncho, a Tcheyamani, ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, membala aliyense apereke bulangete limodzi, kapena ndalama zake, kwa msungichuma wathu mwezi wa Epulo usanathe, kuti pofika Meyi ana akhale atalandira. Chachiwiri, komiti itume anthu awiri adzawerenge mawindo osweka ndi kutibweretsera mtengo wa magalasi ndi pate. Pakati pathu pali amisiri ndi makontirakitala, ndikhulupirira kuti sadzatilipiritsa ntchito ya manja awo.

Mabulangete anga awiri ndabwera nawo, ali patebulo apo. Lachiwirilo wagula ndi mdzukulu uja, ndi ndalama zimene ankasungira penti. Akulu akale anati kupatsa n'kuika.