Ndalama za Kunja ndi Malo Osungiramo Nyama: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Mamembala ena afunsa ngati kuli kotheka kuti boma lino likhale ndi malo ake oonetserako nyama, kumene ana a sukulu ndi alendo angamapite. Funsoli ndi labwino, koma ndalama za msonkho ndi zopereka za mamembala sizingamange malo otere. Pafunika thandizo lalikulu lochokera kunja, ndipo nkhani ya Majete, m'boma la Chikwawa, iphunzitsa m'mene thandizo lotere limadzera.

Nkhalango ya Majete inali itatheratu. Opha nyama mozemba anamaliza njovu zonse, ndipo alendo analeka kupitako pakuti kunalibe choona. M'chaka cha 2003 Boma la Malawi linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowo kwa zaka 25. Mmodzi wa oyambitsa bungwelo anali Paul Fentener van Vlissingen, mkulu wa malonda wa ku Netherlands, amene anaikapo chuma chake. Chaka chomwecho zipembere zinabwezedwa, njovu zinafika mu 2006, ndipo mikango inatsatira mu 2012. Mu 2015 Liwonde ndi Nkhotakota zinalowa m'pangano la mtundu womwewo, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kunka ku Nkhotakota, mothandizidwa ndi ndalama za lotale ya ku Netherlands, ya Postcode Lottery, ndi ena.

Tsono chofunika kuchiona ndi ichi: eni ndalama sanapereke chifukwa cha kalata yodandaula. Anapereka pakuti panali pangano lolembedwa, lonena mwini malo, wosunga mabuku a ndalama, ndi zaka za ntchito. Nthaka ndi nyama zinakhalabe za Boma. Munthu wachuma saopa kupereka. Chimene aopa ndicho kupereka kumene kulibe woyankha mlandu wa ndalamazo.

Koma kumanga ndiko kwapafupi. Nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya ku Chichiri, imene Beit Trust inathandiza kumanga, inatsegulidwa mu 1966, ndipo mafupa ndi zida zakale za m'menemo sizilira chakudya. Mkango ndiye sutero. Uli m'khola ufuna nyama, dokotala ndi mlonda, chaka chabwino ndi chaka cha njala chomwe, pamene wopereka mpanda anabwerera kwawo kalekale. Ku Lilongwe kunali malo akale oonetsera nyama m'makola opapatiza, ndipo pamene Lilongwe Wildlife Centre inakhazikitsidwa mothandizidwa ndi Born Free Foundation, eni ake anasankha kusamala nyama zovulala ndi zamasiye ndi kuphunzitsa ana, m'malo mwa kudzaza makola.

Palinso anthu a m'midzi yoyandikana nayo. Walira mvula walira matope: wofuna njovu akumbukire munda wa chimanga wa mayi wamasiye umene uli m'mphepete mwa mpanda. Chifukwa chake Mafumu ayenera kufunsidwa kalata yopempha isanalembedwe, osati itatumizidwa kale.

Komiti ikafuna kupitiriza nkhaniyi, iyambe yawerengera ndalama zodyetsera ndi kulondera nyama kwa chaka chathunthu, ndi kuonetsa kumene zidzachokera thandizo likadzatha. Chiwerengerocho chidze pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi mawu a Mafumu a malo amene aganiziridwa.