MCENGA SUIWALA KWAO
Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Ana a sukulu ambiri a m'boma la Lundazi akhoza kuchula mapiri ndi mitsinje ya maiko akutali, koma akafunsidwa za mwala umene aupunthwa pa bwalo la sukulu, angokhala cete. Komatu mwalawo uli ndi mbiri, ndipo mcenga wa m'mtsinje ndiwo mboni yace.

Mcenga uliwonse unali thanthwe kale. Dzuwa ndi mvula ziliphwanya, mtsinje wa Lundazi nunyamula zidutswazo kumka nazo ku Luangwa, ndipo Luangwa azipereka kwa Zambezi. Tsono pakati pa mcengawo pali timiyala tating'onong'ono tolimba koposa, dzina lace zircon. Kamwala aka pakubadwa kamatsekera m'kati mwace uranium, amene asanduka mtobvu pang'onopang'ono pa muyeso wosasinthika: theka lace lisanduka m'zaka pafupifupi 4,500 miliyoni. Akatswiri akayesa mtobvuwo adziwa zaka za kamwalako, ndipo akazilinganiza ndi zaka za matanthwe a m'dziko, adziwa phiri limene kanacokerako.

Nanga matanthwewo anena ciani? Khungu la dziko lapansi nlogawanika zigawo zazikuru zimene ziyenda masentimita owerengeka pa caka, monga zikulira zikhadabo. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti maiko ayenda, koma ambiri anakana kufikira zaka za m'ma 1960, pamene pansi pa nyanja panayesedwa bwino. Kumene pansi pa nyanja palowa kunsi kwa mtunda, matope ndi mcenga za pamwamba pace sizilowa zonse ai. Munthu akakoka mphasa yoyanikapo mphale kuipititsa kunsi kwa citseko, mphasa ilowa, koma mphale itsala niunjikana pakhomo. Momwemonso matope a m'nyanja apalidwa, napindika, nakhala mulu waukuru womamatira m'mphepete mwa mtunda. Nchito imeneyi icitikabe lero kugombe la Japan, ndipo cisumbu ca Barbados ndico nsonga ya mulu wotere.

Dziko la kum'mawa kwa Zambia, kucokera ku Nyimba, Petauke ndi Chipata kufikira ku Lundazi, lili m'cigawo cimene akatswiri acipatsa dzina lakuti Southern Irumide Belt. Iwo apeza kuti silinapangike nthawi imodzi, koma ndi zidutswa zolumikizidwa monga zigamba za nsaru. Zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo kuno kunali m'mphepete mwa mtunda wakale wa Congo, ndipo pansi pa nyanja panali kulowa kunsi kwace, miyala nisungunuka m'kati mwa nthaka. Patapita nthawi yaitali, zaka monga 550 miliyoni zapitazo, mtunda wa Kalahari unagundana ndi wa Congo pamene dziko lalikuru la Gondwana linali kumangika, matanthwe naphikidwanso ndi kupindidwa. Pambuyo pace madzi a miyala yosungunuka anakwera m'ming'alu nazizira pang'onopang'ono. M'menemo ndimo munabadwira aquamarine ndi tourmaline zimene anthu akumba ku Lundazi.

Mapiri a nthawi imeneyo anatha ndi mvula, ndipo mcenga wace wina unakagona m'cigwa ca Luangwa nuumanso kukhala mwala. M'miyala imeneyi mupezeka mafupa a nyama zimene zinakhalako zaka monga 250 miliyoni zapitazo.

Mphunzitsi wa kumudzi alibe makina oyesera zircon, koma ali ndi mtsinje. Atume ana akatape mcenga m'makwawa atatu osiyana, authire pa pepala loyera, naupenye pa dzuwa. Adzaona timiyala toyera, tofiirira, takuda, ndi tina tonyezimira ngati mamba a nsomba. Takuthwa sitinayende ulendo wautali. Tobulungira tacokera patali. Pamenepo afunse kuti: khwawa ili licokera kuti, ndipo kumeneko kuli thanthwe lotani?

Phunziro ili si lacabe. Miyala ya mtengo wapatali icoka ku Lundazi kumka ku misika ya kutsidya kwa nyanja, ndipo kawirikawiri wogula aidziwa koposa wokumba. Mwana wozolowera kupenyetsa mwala ndi kufunsa kumene unacokera sadzagulitsa cuma ca kwao mwakhungu. Ndipo kuzolowerako kuyambira m'manja mwa mphunzitsi wace.