Za Iwo Akulera Ana a Abale Ao

Mau: Estere 2:5-7

M'mau tawerengawa timva za Moredekai, munthu wa kundende m'dziko la eni, amene analandira Hadasa, mwana wamasiye wa pa chibale chache, namlera. Sanapite kwa woweruza kukamlembetsa, anangomtsegulira chitseko. Ndipo mwa mwanayo, ndiye Estere, Mulungu anapulumutsa mtundu wonse wa Ayuda.

Amoredekai alipo ambiri pakati pathu, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa. Nthenda ya Edzi inasiyira agogo adzukulu pa msinkhu woyenera kupuma. Ndiponso m'mwezi wa Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba ku Chilobwe. Ana otsala anamka kuti? Kwa azakhali, kwa atsibweni, kwa mlongo amene iye mwini sanakhwime.

Kale kumudzi katundu wotere sanali wa munthu mmodzi. Mwini mbumba anayang'anira ana a alongo ache, munda unalipo, ndi nkhokwe yomwe. Koma m'tauni muno nyumba njolipira, madzi ngogula, makala ndi ufa nzogula. Amai amene anaphikira ana atatu aphikira asanu ndi mmodzi lero, ndipo mphika ndi womwewo. Boma liri nalo thandizo la Mtukula Pakhomo, loyamba ku Mchinji mu 2006, koma silifika pa khomo liri lonse. Ife pa maliro tidza ndi nkhuni ndi nyimbo. Titaika mtembo tibalalika, ndi kumsiya wolerayo yekha. Kodi mutu umodzi usenza denga?

Tsono tichitenji? Akulu a mpingo, yense adziwe nyumba zotere m'dera lache, ndi kuzichula pa msonkhano. Amai a Mvano, popita kukacheza musapite chimanjamanja. Kambale ka ufa ndi sopo zilalika koposa mau. Inu aphunzitsi, mwana akasowa m'sukulu masiku atatu, musafulumire kumdula m'kaundula; pitani mukafunse kwao. Ndipo pogawa chuma cha womwalira tiime nji, pakuti lamulo la 2011 liletsa kulanda chuma cha masiye, ndi Mulungu analetsa kale.

Kwa inu olera tiri nao mau awiri. Musachite manyazi kunena kusowa kwanu. Si kupempha kumeneko, koma kukumbutsa mpingo mangawa ache. Koma musasandutse mwanayo wanchito, wogulitsa mandasi pa msika wa Limbe pamene obala inu ali m'sukulu. Adye mbale imodzi, afunde gombeza lofanana.

Sitidziwa amene agona pa mphasa m'nyumba izi usiku uno. Moredekai yemwe sanadziwe kuti alikulera mfumukazi. Ambuye atipatse mtima wakusenzerana akatundu. Amen.