KOMPYUTA NDI TELEPRINTER YONAMIZIRA

Anthu a pa mgodi wa Nkana adziwa bwino kuti woyendetsa makina okweza keji saona anthu amene awakweza. Iye akhala m'nyumba ya makina pamwamba, anzace ali pansi pa nthaka, ndipo cowalumikiza ndico belu. Likalira monga mwa lamulo lace akweza, likalira mwina atsitsa kapena aimitsa, osafunsa kuti waliza ndani. Nkhani ya lero iri ya makina enanso omvera cizindikiro osaona mwini wace, ndiwo kompyuta.

Makompyuta akale analibe galasi loonetsa mau. Munthu analankhula nao ndi teleprinter, makina onga aja otumizira matelegalamu m'mapositi ofesi. Kalaliki akakhudza cilembo, cinayenda pa waya kufikira ku kompyuta, ndipo yankho linabwera nililembedwa pa pepala. Makina omveka a mtundu umenewu, Teletype Model 33, anaturuka m'caka ca 1963, ndipo analemba zilembo 10 pa sekondi imodzi. Pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs ku America anayamba kumanga Unix m'caka ca 1969, anaikonza kuti izilankhula ndi makina otere. Dzina lace analifupikitsa kuti tty, ndipo likalipobe m'Linux kufikira lero.

Bvuto linadza pamene anthu anafuna kulankhula ndi kompyuta ali kutali, kudzera m'kompyuta inzace. Pulogalamu yolandira malamulo, imene aicha shell, inazolowera teleprinter monga ng'ombe izolowera goli lace, ndipo popanda iyo siigwira bwino nchito. Kulembanso mapulogalamu onse kukadakhala nchito yosatha. Tsono akatswiri anasankha kuinyenga. M'kati mwa operating system, ndiyo pulogalamu yaikuru yoyang'anira zinzace monga kapitao, anaikamo kapulogalamu kodzionetsa ngati teleprinter. Ndiko pseudo-terminal, mwacidule pty, kunena kwace terminal yonamizira. Unix ya ku Berkeley inali nayo m'caka ca 1983.

Pty iri ngati paipi ya mbali ziwiri. Amene anaipanga anacha mbalizo master ndi slave, ndiko kuti bwana ndi kapolo. Maina osakoma m'makutu a munthu wa kuno, ndipo ncabwino kuti mabuku atsopano ayamba kuwaleka.

Kalaliki wa ku Ndola afuna kugwira nchito pa kompyuta yaikuru iri ku Kitwe. Atsegula pulogalamu ya ssh, imene Tatu Ylönen wa ku Finland anailemba m'caka ca 1995. Kompyuta ya ku Kitwe ikamlola kulowa, ssh ya kumeneko ipempha pty pa khomo lochedwa /dev/ptmx, nigwira mbali yoyamba. Mbali yaciwiri ipatsidwa nambala, monga /dev/pts/3, niperekedwa kwa shell. Shell ikhutira, iyesa kuti pali munthu pa teleprinter m'cipinda comweco, pamene munthuyo ali pa mtunda wa makilomita ngati 60.

Koma nzeru yeniyeni iri pakati pa paipiyo, pakuti mau sapyola cabe ai. Pali mlonda wochedwa line discipline, ndipo nchito zace nzodabwitsa. Kalaliki akakhudza cilembo nacionanso pa galasi, ayesa kuti makina ace omwe ndiwo acilemba. Si tero. Cilemboco capita ku Kitwe, ndipo cabwezedwa kucokera kumeneko. Ndico cifukwa cace lamya ikafooka, zilembo zioneka mocedwa m'mbuyo mwa zala. Pulogalamu ikafunsa mau acinsinsi olowera, iuza mlondayo kuti asabweze kanthu, ndipo galasi likhala lopanda cilembo, kuti woimirira kumbuyo asawerenge. Alendo ambiri pa nchito imeneyi aganiza kuti makina afa, nakhudzanso mabatani kawiri katatu, naononga mau ao omwe.

Kwa mapulogalamu ambiri mlondayo asunganso mzere wonse kufikira munthu atakhudza Enter. Wolakwitsa cilembo acifafaniza cikali m'manja mwa mlonda, pulogalamu osaciona konse. Ndipo munthu akakhudza Ctrl pamodzi ndi C, mlonda sapereka cilembo, koma aliza belu louza pulogalamu kuti iime pomwepo.

Pali belu linanso limene lagwetsa ambiri ulesi. Masiku a teleprinter, lamya ikaduka, kompyuta inayesa kuti munthu wacoka, nitumiza cizindikiro cochedwa SIGHUP kuti mapulogalamu ace atsekedwe ndi malo apatsidwe wina. Pty inatenga mwambo umenewu wonse. Magetsi akazima ku Ndola, ssh ya ku Kitwe potsiriza izindikira kuti mnzace kulibe, nisiya mbali yace ya paipi. Belu lilira, shell ifa, ndi nchito imene inali kuyenda ifera pamodzi. Kaya kunali kuwerengera malipiro a mwezi, kaya kukopera mabuku a sitolo, zonse ziima pakati, ngakhale ku Kitwe magetsi sanazime. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndi magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cimeneci sicinali cinthu cacing'ono.

Mankhwala ace ndi kunyenga kaciwiri. Pulogalamu yochedwa screen, ya m'caka ca 1987, ndi mnzace tmux, zitsegula pty yao-yao ku Kitwe komweko nizigwira mbali yoyamba osaisiya. Lamya ikaduka, belu silifika kwa shell ya m'katimo, ndipo nchito ipitirira. Magetsi akabwera, kalaliki alowanso, alemba tmux attach, napeza mizere yace pamene yafika.