Mawu a mlendo wolemekezeka pa chionetsero cha zakudya ku Ntcheu



Kuno ku Ntcheu tomato sitichita kumufunsa. Woyenda pamsewu wa M1 akafika pa Lizulu kapena pamphambano ya ku Tsangano amadzionera yekha milumilu yake, ndipo madengu amachoka kuno kukadyetsa anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chondiwawa n'chakuti m'makomo ambiri tomato wabwino yense amathera kumsika, mlimi n'kutsala ndi wophwanyika, mwinanso ana ake n'kudya ndiwo zopanda tomato. Zimenezi ndi zomwe ndabwerera lero.

Kufiira kuja kwa tomato wakupsa kumachokera ku chinthu chotchedwa lycopene. Thupi lathu silimupanga, timamupeza m'zakudya basi. Ntchito yake ndi kuthandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asaonongeke msanga, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akhala akufufuza mmene amathandizira mtima ndi mitsempha ya magazi. Tomato wosapsa alibe lycopene wokwanira, muzimudikira afiire. M'magalamu 100 a tomato wakupsa muli mamiligalamu pafupifupi 3, m'chivwende muli oposa 4, pomwe gwafa wofiira mkati, amene timamusiyira ana ndi mbalame, ali ndi pafupifupi 5. Papaya wofiira mkati nayenso ali naye.

Amayi, apa mundimvetsetse. Tinauzidwa kuti masamba akapsetsa amataya mavitamini, ndipo n'zoona. Koma lycopene ndi wosiyana. Tomato akaphikidwa n'kufewa, lycopene amamasuka, ndipo poti amasungunuka m'mafuta osati m'madzi, thupi limamutenga bwino ngati mumphika mwalowa timafuta pang'ono. Wina anena kuti mafuta ophikira akwera mtengo. Inde akwera, koma nsinjiro nazo zili ndi mafuta. Nkhwani wotendera, woikamo tomato wakupsa, ngati amene ndamuona pamatebulo apa, ndi chakudya chomwe agogo athu anachipeza kalekale. Musachiderere.

Abambo anzanga, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mu 1995 akatswiri a ku Harvard ku America, motsogozedwa ndi Edward Giovannucci, atatsatira kadyedwe ka amuna oposa 47,000, anapeza kuti khansa ya prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, inali yocheperako mwa amuna odya kwambiri zakudya za tomato. Komabe mu 2005 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala m'dziko lomwelo, linati umboni wake udakali wochepa. Choncho tomato ndi chakudya, si mankhwala. Pasapezeke munthu wokunamizani kuti akugulitsa mapilisi a lycopene ochiza khansa. Mukamavutika pokodza, kapena mukamadzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi, thamangirani kuchipatala, manyazi asakugwireni. Ndipo tomato yekha sangalowe m'malo mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa.

Alimi, kuyambira pomwe kambozi ka Tuta absoluta kanafika m'dziko muno, mankhwala akupoperedwa kwambiri m'madimba. Chonde tsatirani masiku olembedwa pabotolo musanathyole. Wodya tomato ameneyo ndi mwana wa mnzanu, ndipo tonse tizitsuka tomato bwino tisanadule. Tomato akachuluka mtengo n'kugwa, musamamusiye awole m'mbali mwa msewu. Alangizi, aphunzitseni anthu kumudula n'kumuyanika pamalo aukhondo, kuti adzamudye m'nyengo ya mvula pomwe amasowa.

Pempho langa ndi lakuti mukathyola, yambani mwapatula wa pakhomo, wakupsa bwino, dengu lisananyamuke. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.